Lekani kutulutsa anthu mu app token ikangotha

Nyengo ino yogula mbewu ndayesa ma app angapo opangidwa ndi achinyamata athu kuno ku Lilongwe, ndipo ambiri akupunthwa pamalo amodzi. Seva (kompyuta imene app imalumikizana nayo) ikangoyankha 401, nambala yosonyeza kuti yakana pempho chifukwa sikumuzindikira munthuyo, app ikumubweza munthu kukalowanso: alembenso password, adikirenso SMS ya khodi. Komatu nthawi zambiri 401 imangotanthauza kuti access token, kiyi wosonyeza seva kuti munthu adalowa kale, yatha nthawi. Idapangidwa dala kuti isakhalitse, ya Firebase (chida cha Google cha opanga ma app) imatha pa ola limodzi. Opanga inu, refresh token, yomwe ntchito yake n'kupemphera access token yatsopano popanda password, muli nayo kale m'manja, ndiye mukuisungira chiyani?

SMS iliyonse ya khodi pali amene akulipira, ndipo kumudzi imatha kufika khodiyo itafa kale. Bandulo ya munthu ikupita. Choipitsitsa n'chakuti zimene amalemba zimatayika.

Mayi ena a ku Mitundu, mlembi wa kalabu ya soya, adandifotokozera zawo nkhope itagwa. Adakhala pa sikelo m'mawa wonse akulemba mayina ndi makilo a anzawo pafoni. Podina kuti atumize, app idawatulutsa, zonse zidafufutika, anthu ali pamzere ndi matumba padzuwa. Password adawaikira ndi mwana wawo amene ali ku Joni. "Alangizi, kope silinandikanepo," adatero, ndipo abwereradi ku kope. Ndani angawadzudzule?

Ndikawafunsa opanga, yankho ndi lomwe lija: tipanga token yokhala chaka chathunthu, kapena tisunga password mu SharedPreferences (posungira zinthu za app pa Android) app izidzilowetsa yokha. Chizolowezi chimenechi chandikwana! Mafoni amabedwa tsiku ndi tsiku m'tauni muno, ndipo token yosatha ikatuluka, wakuba ali ndi kiyi wa chaka chonse. Njira ya refresh token ili mu OAuth 2.0 (malamulo a momwe ma app amapezera chilolezo) kuyambira 2012, si zachilendo ayi.

Zochita n'zochepa. 401 ikabwera, pemphani token yatsopano kamodzi, mubwereze pempho lomwe lidakanidwa. Pa Android, Authenticator ya OkHttp (chida chotumizira mapempho ku seva) ndi ya ntchito imeneyi. Mapempho akalephera angapo nthawi imodzi, limodzi lokha lipite kukapempha token yatsopano, enawo adikire, chifukwa seva yosintha refresh token ikaona yakale yabweranso imatha kutseka ma token onse a munthuyo. Refresh token yatsopanoyo itetezeni ndi Keystore ya Android kapena Keychain ya iPhone, zida zotetezera zinsinsi m'foni. Munthu mumutulutse pokhapokha seva yanena invalid_grant, kutanthauza kuti refresh token nayo yakanidwa. Netiweki ikangoduka, sungani zimene walemba pafoni pomwepo, muyesenso ikabwera.