Kudzilumikizira kompyuta yoyamba ndi ndalama zochepa

Achimwene, mwafunsa poyambira pomanga kompyuta ya pa tebulo kuno ku Dedza ndalama zili zochepa. Yambani ndi purosesa, ubongo wa kompyuta, chifukwa zina zonse zimatsata iyo. Ine ndingasankhe Ryzen 5 5600G: imatulutsa yokha zithunzi, ndiye graphics card, chida chapadera chotulutsa zithunzi, simugula. Imafuna motherboard (bolodi lomwe zida zonse zimalumikizidwapo) ya soketi (polowa purosesa) ya AM4, koma mufunse wogulitsa ngati BIOS yake, pulogalamu yoyatsira motherboard, ikulandira purosesayi. RAM, memory yogwirira ntchito, ikhale DDR4 ya 8GB, ndipo SSD, yosungira mafayilo, ikhale ya 256GB. Kesi ndi sikirini zogwirapo kale ntchito zilibe vuto, koma power supply, yogawa magetsi ku zida zonse, mukagule yatsopano ku Lilongwe, chonde. Yofooka imatha kuwotcha zonse.

Polumikiza, gwirani kaye chitsulo cha kesi kuti magetsi a m'thupi asawononge zida. Motherboard ili pa tebulo, lunjikitsani kachizindikiro kagolide ka pakona pa purosesa ndi ka pa soketi. Imalowa yokha, osakankha ayi. Ngati fani yoziziritsa purosesa ilibe kale phala lake lochotsa kutentha (thermal paste), pakani kadontho konga nsawawa pamwamba pa purosesa musanaike faniyo. Kenako RAM, kanikizani mpaka timaloko titseke. Mangani m'kesi, lumikizani zingwe za power supply, cha mapini 24 ndi cha purosesa, yatsani, muikemo Ubuntu, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta, kuchokera pa flash. Magetsi amathimathima, surge protector, yoteteza zida magetsi akabwera ndi mphamvu yambiri, musaisiye.