Momwe mungatetezere nkhumba zanu ku chigodola

Nkhumba zanga 7 zinatha m'masabata awiri okha, ndipo matendawo ndinawatsegulira chitseko ndine ndemwe. Kunabwera munthu wogula nkhumba pa tsiku la msika wa pa Lizulu, ine nkumulowetsa m'khola kuti akazigwiregwire pamsana. Anali atachokera kukhola lina kumene nkhumba zinali zitayamba kale kufa. Tinasemphana mtengo, iye nkumapita. Patatha masiku asanu, mkota wanga wabere unasiya kudya.

Chigodola cha nkhumba chimayamba ndi kachilombo ka vairasi. Akatswiri anachifotokoza koyamba ku Kenya mu 1921, koma mpaka lero chilibe mankhwala ochiza. Chikalowa mwamphamvu chimapha pafupifupi khola lonse. Munthu sichimugwira, koma amachinyamula ku nsapato, zovala, mpeni ndi nyama. Ndiye ntchito yathu alimi a ku Ntcheu ndi Dedza kuno ndi yotseka njira zomwe chimadzera.

Yambani ndi khola. Nkhumba zizikhala motsekeredwa chaka chonse, ngakhale m'chilimwe pamene ambiri timazitayirira kuti zikatole zotsalira m'minda. Ndikudziwa kuti madeya amakwera mtengo, koma nkhumba yoyendayenda imafwenkha m'dzala la mudzi wonse ndipo imakumana ndi za eni ake zomwe simukudziwa umoyo wake.

Pomanga kholalo samalani ming'alu. Ofufuza omwe anagwira ntchito m'midzi ya ku Mchinji m'zaka za m'ma 1980 anapeza kachilomboka mu nkhufi, nkhupakupa zofewa zija zobisala m'ming'alu ya makoma ndi m'mitengo ya khola. Zimatuluka usiku, kuyamwa magazi, nkubwerera kobisala, ndipo zimatha kusunga kachilomboka zaka zingapo. Nchifukwa chake mudzi wina chigodola chimangobwerabwera ngakhale sanagule nkhumba yachilendo. Ngati simenti simungaikwanitse, zirani pansi ndi makoma bwinobwino, ndipo mng'alu ukaoneka muumate msanga.

Chachiwiri, khola si bwalo la alendo. Wogula aliyense, kaya ndi butchala amene mwazolowerana naye, aziima kunja. Mutulutsireni nkhumba yomwe mukugulitsayo aionere pabwalo, ndipo ngati waigwira koma osaigula, musaibwezere kwa zinzake tsiku lomwelo. Inu eni ake khalani ndi nsapato ndi chovala cha kukhola kokha. Pakhomo pa khola ikani beseni la madzi a mankhwala ophera tizilombo omwe alangizi a ziweto angakuuzeni, koma yambani mwachotsa matope ku nsapato, chifukwa mankhwala sagwira ntchito pa ndowe ndi matope.

Nkhani ya chakudya ndiye imatipweteka ambiri osadziwa. Kachilomboka kamakhala miyezi mu nyama ya nkhumba, yaiwisi, yowamba ngakhale ya m'firiji. Mwagula kanyama pa chiwaya kapena pamsika wa pa Chimbiya, mayi atsuka, madzi otsukirawo nkuthira mu ndowa ya madeya. Basi, matenda alowa. Madzi otsukira nyama, mafupa ndi makombo a ndiwo za nkhumba zisafike kukhola. Makombo a kumalo odyera, ngati simungachitire mwina, awiritseni kwa mphindi 30 akubwata ndipo muzitakasa, kenako azizire musanapereke.

Nkhumba yatsopano muiike payokha, patali ndi khola lalikulu, kwa masiku 30. Matendawa amatha kubisala m'thupi masiku 4 mpaka 19 asanaoneke, choncho yomwe ikuoneka yonenepa pamsika ikhoza kukhala nawo kale. Muziyamba kudyetsa zakale, yatsopanoyo pomaliza, ndi ziwiya zakezake. Yotchipa modabwitsa ikayikireni, makamaka m'misika ya m'malire ngati Lizulu ndi Tsangano komwe ziweto zimachokera mbali zonse ziwiri. Kubwerekana mphongo nakonso nkoopsa. Mukamva kuti kwinakwake kufupi nkhumba zikufa, lekani kaye, mkota udikire.

M'mawa uliwonse imani pakhola kanthawi musanathire chakudya. Nkhumba yabwino imakuthamangirani ikulira. Yodwala chigodola imagona, imatentha thupi kwambiri, zingapo zimaunjikana pakona, ndipo poyenda miyendo yakumbuyo imagwedera. Makutu, mimba ndi miyendo zimafiira, koma pa nkhumba zathu zakuda zachikuda kufiirako sikuoneka msanga, ndiye yang'anani kusadya ndi kufooka. Zina zimasanza, zina kutsegula m'mimba mwa magazi, zabere zimataya ana.

Mukaona zotere uzani alangizi a ziweto a m'dera lanu tsiku lomwelo. Matenda ena amafanana ndi chigodola, ndipo chotsimikizira ndi kuyeza magazi kapena ziwalo ku labotale ya ziweto ku Lilongwe. Apa mpamene mtima umavuta. Munthu ukaona ndalama ya feteleza ndi fizi ya ana ikufa, umafuna kupha zotsalazo msanga nkugulitsa nyama motchipa. Ine maganizo amenewo anandifikira, ndipo sindinyoza yemwe amufikira. Koma nyama imeneyo ikalowa m'makomo khumi, makola khumi aja apita. Chonde musagulitse, musagawire abale, musasamutsire zotsala kwa achimwene kumudzi wina.

Zakufa zikwirireni m'dzenje lakuya pafupifupi mamita awiri, kutali ndi chitsime ndi mtsinje, pamodzi ndi ndowe ndi zogonera zake, kuti agalu asafukule. Khola la mitengo ndi udzu ndi bwino kuliwotcha nkumanga lina pamalo atsopano, chifukwa cha nkhufi zija. La njerwa litsukeni, lipopereni mankhwala, likhale lopanda kanthu masiku osachepera 40. Pobwerera musagule zambiri nthawi imodzi. Ikanimo ziwiri zokha, muzione kwa masabata 6, ndipo zikakhala bwino ndi pamene mungawonjezere zina.