Momwe mungadziwire ngati mwana wanu angathe uinjiniya wa makina

Makolo ambiri kuno ku Harare, tikaona mwana akumasula wailesi kapena kukonza njinga, timafulumira kunena kuti uyu ndi injiniya. Manja aluso ndi chiyambi chabwino, koma maphunzirowa amafuna zoposa pamenepo. Musanayambe kusonkha ndalama za fizi, yambani mwamuyesa motere.

Choyamba, mpatseni chinthu chowonongeka: pampu ya mjigo yomwe yasiya kukoka madzi, jenereta yokana kulira, ngakhale fani yakale. Inu khalani poteropo, muzingoyang'ana. Mwana wina amathamangira sipanala n'kumwaza mabawuti paliponse. Wina amayamba wamvetsera kaliridwe kake, kukhudza pomwe pakutentha, n'kumandanda nati iliyonse motsata m'mene waichotsera. Akapeza bering'i (kachipangizo kothandiza shafiti, mtanda wachitsulo wozungulira m'makina, kuzungulira mosavuta) yodyeka, safulumira kupempha ndalama yogulira ina. Amafuna adziwe chaidya n'chiyani. Girisi anatha? Shafiti inapindika? Lamba anakungidwa mopitirira? Kwa ine, mwana wofunsa chonchi ndiye woyenera ntchitoyi, pakuti wosintha bering'i osadziwa chomwe chaiwononga adzaisinthanso mwezi wamawa.

Chachiwiri ndi masamu, ndipo apa palibe kunyengererana. Wofuna digiri ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, kapena ku Harare Institute of Technology ku Belvedere, ayenera kukhoza bwino Mathematics ndi Physics pa A Level. Akalowa, adzawerengetsera katundu amene chitsulo chingasenze chisanapindike, m'mene kutentha kumasandukira mphamvu mu injini, ndi m'mene madzi amayendera m'mapaipi. Zonsezi ndi masamu okhaokha. Musangoyang'ana malikisi a pa lipoti. Onani zomwe amachita samu ikamukanika: amatseka buku, kapena amaibwerera m'mawa mwake?

Chachitatu, Loweruka lina mupite naye ku Siyaso ku Mbare kapena ku Gazaland ku Highfield, akaone amisiri akudula, kupinda ndi kuwotcherera zitsulo. Mukabwerako, mpatseni pepala, pensulo ndi tepi yoyezera. Ajambule kanthu kosavuta, monga choikapo mbaula kapena hinji ya geti, ndi miyeso yake yonse, moti wowotcherera apange osafunsa funso ngakhale limodzi. Ambiri amagwa pamenepa: aiwala kulemba kukhuthala kwa chitsulo kapena kukula kwa bowo. Si mlandu ulendo woyamba. Chofunika n'choti akauzidwa, akonze popanda kunyinyirika.

Pomwepo muonenso chilungamo chake pa miyeso. Mufakitale amagwiritsa ntchito micrometer, chida choyezera chomwe chimayeza mpaka 0.01 mm, ndipo shafiti ikachepa pang'ono pokha bering'i imagwedera. Mwana amene amalemba nambala yomwe akuifuna m'malo mwa yomwe wayeza, muyambe mwathana ndi khalidwe limeneli. Pa boyila kapena pa makina onyamulira katundu, bodza lotere limapha anthu.

Chachinayi n'chachifupi. Kodi amamva akalangizidwa ndi munthu amene sanapite patali ndi sukulu? Injiniya wachinyamata amaphunzira zambiri kwa amisiri okalambira pa makina, ndipo akakhala wonyada amisiriwo amamubisira nzeru.

Chachisanu, sankhani njira yomuyenera. Ngati masamu ali bwino kwambiri, digiri. Ngati manja ndi maso ndi akuthwa koma A Level yavuta, musataye mtima. Harare Polytechnic imalandira amene akhoza maphunziro asanu pa O Level, kuphatikizapo Mathematics, English ndi sayansi, ndipo munthu amakwera kuchoka pa National Certificate kufika pa National Diploma. Palinso apprenticeship ya zaka zinayi, yophunzira uli pantchito mpaka kukhala mmisiri wa Class One, gulu lapamwamba la amisiri. Atsikana musawasiye kunja kwa mayesowa. Makina safunsa kuti wayeza ndani.

Njira iliyonse angatenge, nthawi ya attachment, yokaphunzira ntchito pakampani, idzafika, ndipo malo sapezeka msanga. Yambani lero kufunsa abale ndi anzathu akutchalitchi kapena kumzikiti amene amagwira ntchito ku Workington, Southerton, Willowvale kapena Msasa, kuti mwina pa holide angamulole kukaonerera. Akadzamaliza digiri, adzafunikanso kulembetsa ku Engineering Council of Zimbabwe, bungwe loyang'anira mainjiniya, choncho azisunga kabuku kolembamo ntchito iliyonse imene wagwira, tsiku lake ndi amene anamuyang'anira.