Momwe mungathanirane ndi mauka obwerabwera

Amayi atatu mwa anayi aliwonse amadwalako kuyabwa kumaliseche koyambitsidwa ndi Candida pa moyo wawo. Ambiri kukangoyamba kuyabwa amathamangira kukagula amoxicillin kapena Bactrim, kenako n'kudabwa kuti zinthu zanyanya. Candida si bakiteriya ayi. Ndi fangasi, wa gulu limodzi ndi yisiti wofufumitsira buledi, ndipo amakhala kale m'kamwa, m'matumbo ndi m'njira yoberekera ya anthu ambiri athanzi, osavuta munthu. Omwe amamuletsa kuswana mwachisawawa ndi mabakiteriya abwino, makamaka a Lactobacillus, amene amadzaza malo onse ndi kutulutsa asidi. Maantibayotiki ngati amoxicillin ndi Bactrim amapha mabakiteriyawa koma samukhudza Candida, ndiye amatsala yekha, malo onse ali ake.

Choyamba, onetsetsani chomwe chikutuluka. Candida amabweretsa kuyabwa kwambiri, kuotcha pokodza kapena pogonana, ndi chikazi choyera chamibulu ngati chambiko, chopanda fungo lenileni. Chikazi chikakhala chamadzimadzi, chotuwa, chonunkha nsomba makamaka mukatha kugonana, kawirikawiri amenewo ndi matenda ena otchedwa bacterial vaginosis, pomwe mabakiteriya monga Gardnerella alanda malo a Lactobacillus. Chachikasu kapena chobiriwira chathovu chimaloza ku kachilombo kotchedwa trichomonas, komwe ndi kopatsirana pogonana. Tonse timangoti mauka, koma mankhwala ake ndi osiyana: Flagyl amathandiza pa awiri omalizawa, pa Candida sachita kanthu. Ngati n'koyamba kudwala, ngati muli oyembekezera, kapena pali zilonda, kutentha thupi ndi kupweteka m'chinena, pitani kuchipatala akakuoneni musanagule chilichonse.

Akatsimikiza kuti ndi Candida, mankhwala odziwika ndi clotrimazole wolowetsa kumaliseche usiku pokagona. Alipo wa 500 mg wa usiku umodzi, wa 200 mg wa masiku atatu, ndi wa 100 mg wa pafupifupi sabata. Wina ndi fluconazole wa 150 mg wakumwa kamodzi. Amayi oyembekezera asamwe fluconazole. Iwo amapatsidwa wolowetsa uja kwa masiku asanu ndi awiri. Dziwaninso kuti mankhwala olowetsa ndi opaka amatha kufooketsa kondomu, choncho ndi bwino kuyamba mwapumira zogonana mpaka mutachira.

Apa ndi pomwe ambiri amagwera: kuyabwa kukaleka tsiku lachiwiri, mankhwala aja amaponyedwa m'chikwama. Malizani onse, ngakhale msambo utayamba. Candida ali ndi maonekedwe awiri. Akakhala phee amakhala timibulu tozungulira, koma akapeza mpata amatalika n'kusanduka timaulusi toboola khungu lofewa. Timaulusi timeneti timalukana, n'kudzikuta ndi zomatamata zomwe timatulutsa tokha, ndipo madokotala amatcha chimenechi biofilm. Zoyera zomata m'mano mukagona osatsuka ndi biofilm yomweyo, kungoti ya m'kamwa. Tizilombo tobisala m'katimo sitifa msanga ndi mankhwala omwe akanatipha tili patokha. Candida amamanga biofilm mosavuta pa zinthu zoikidwa m'thupi monga mano oikirira, chubu chokodzera, ngakhale lupu. Ndipo sakhalamo yekha. M'kamwa mwa ana amagwirizana ndi bakiteriya wotchedwa Streptococcus mutans poboola mano, pomwe bakiteriya wina, Staphylococcus aureus, amadziphatika pa timaulusi take tija. Gardnerella nayenso amamanga biofilm yake pakhoma la njira yoberekera, n'chifukwa chake bacterial vaginosis imakonda kubwereranso patangopita miyezi yochepa.

Kenaka funsani chomwe chikum'patsa mpata Candida. Mukadwala katatu kapena kanayi m'chaka chimodzi, musangobwerezabwereza kugula mankhwala omwewo. Kayezetseni shuga, chifukwa shuga wokwera ndi chakudya chake. Kayezetseni HIV, makamaka ngati zoyera zatulukanso palilime kapena mukumva kuwawa pomeza. Auzeni adokotala za maantibayotiki onse omwe mwamwa posachedwapa, ndiponso ngati muli ndi lupu. Musaichotsetse mwa inu nokha, iwo aone kaye. Nthawi zina wolakwa si Candida albicans, mtundu wofala kwambiri wa Candida, koma mnzake Candida glabrata, amene fluconazole samugonjetsa bwino. Kwa odwala mobwereza, achipatala amatha kupereka fluconazole kamodzi pa sabata kwa miyezi isanu ndi umodzi. Koma ngati achipatala anakupatsani Bactrim wa tsiku ndi tsiku, musamusiye chifukwa cha nkhaniyi, kambiranani nawo.

Chotsatira n'chovuta kwa ena chifukwa tinaphunzitsidwa kuti ndiwo ukhondo: lekani kutawasa mkati. Sopo, Dettol, mandimu, madzi amchere ndi zitsamba zoumitsa zimakokolola a Lactobacillus omwe mukuwafuna aja, n'kusiya khungu lamkati lili ndi timabala. Madzi oyera kunja kokha akwana, mkatimo mumadziyeretsa mokha. Za kudula mauka ndi lezala, monga zimachitikira m'midzi ina, zisiyeni kutali: fangasi sachoka ndi lezala, chomwe mungatengeko ndi bala ndi matenda ena. Pukutani bwino mukasamba, valani kabudula wamkati wa thonje wouma bwino, ndipo mukachoka kuchimbudzi muzipukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo.

Nanga bambo a kunyumba? Candida saikidwa m'gulu la matenda opatsirana pogonana, ndiye musayambe kulozana zala. Abambo amafunika mankhwala pokhapokha nawonso akuyabwa kapena afiira kunsonga, ndipo clotrimazole wopaka amakwana. Zikakhala trichomonas nkhani ndi ina: nonse awiri mumwe mankhwala nthawi imodzi, apo ayi muzingobwezerana.