Opaleshoni yochotsa chotupa popanda kudula bere lonse

Amayi ambiri akamva kambulu m'bere amazengereza kupita kuchipatala poopa kuti akawadula bere lonse, koma kuzengerezako ndiko kumachititsa kuti bere lidulidwe. Chotupa chikapezeka chidakali chaching'ono, dokotala angathe kuchichotsa pamodzi ndi mnofu pang'ono wochizungulira, bere n'kutsala. Asanatero amayamba watengako kachidutswa ndi singano kuti kakayezedwe, popeza si chotupa chilichonse chimene chili khansa, makamaka mwa atsikana.

Njirayi inayesedwa kwa zaka zambiri. Dokotala Umberto Veronesi wa ku Milan anayamba kafukufuku wake mu 1973, ndipo Bernard Fisher wa ku America anayamba wake mu 1976. Pofika mu 2002, atawatsatira odwala kwa zaka 20, onse awiri anapeza kuti amayi amene anasungiridwa bere sanamwalire msanga kuposa amene anadulidwa bere lonse.

Komabe pali mfundo imene mayi aliyense ayenera kuimvetsa asanavomere. Opaleshoniyi payokha si yokwanira, imayendera limodzi ndi chithandizo cha radiotherapy, kutanthauza kuunika bere ndi cheza champhamvu chochokera m'makina, chimene chimapha tizidutswa ta khansa tosaoneka totsalira m'bere. Pa kafukufuku wa Fisher, khansa inabwereranso m'bere lomwelo mwa amayi pafupifupi 39 pa 100 alionse amene sanalandire chithandizochi, pamene mwa olandira inabwerera mwa 14 okha. Chithandizochi nthawi zambiri chimaperekedwa masiku asanu pa sabata kwa masabata atatu kapena kuposerapo, choncho banja liyambe lakambirana za ndalama zoyendera, kumene mayiyo azikagona, ndiponso amene atsale ndi ana ndi munda. Ngati zimenezi sizitheka, uzani dokotala mosabisa, chifukwa pamenepo kudula bere lonse kungakhale kotetezeka kusiyana ndi kusiyira chithandizo panjira.

Dokotala angakanenso njirayi ngati chotupa chakula kwambiri poyerekeza ndi bere, ngati zotupa zamwazikana m'malo angapo, kapena ngati mayi ali woyembekezera miyezi yoyambirira. Kawirikawiri amachotsanso timianabere ta m'khwapa kuti aone ngati matenda afikako.

Mukatuluka m'chipatala musalephere kubwerera kukamva zotsatira za mnofu umene unachotsedwa, pakuti khansa ikapezeka m'mphepete mwake pamafunika opaleshoni yachiwiri. Pabala musapakepo mankhwala azitsamba, ndipo likafiira, kutentha kapena kutuluka mafinya, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.