Kusunga Mwadongosolo Masamu a Paipi Yotulutsa Madzi Osefukira mu Thanki

Paipi yotulutsa madzi osefukira imagwira ntchito pa tsiku limene valavu yakana kutseka kapena pampu yapitiriza kupopa thanki itadzaza kale. N'chifukwa chake masamu ake onse amatsamira pa nambala imodzi, yomwe ndi kuchuluka kwa madzi amene angalowe mu thankiyo pa sekondi zinthu zikafika poipitsitsa. Mainjiniya angapo akamagwirira ntchito pa fayilo imodzi, nambala imeneyi ndiyo imasokonekera msanga, popeza wina angathe kusintha pampu m'mapulani koma osadziwitsa mnzake amene anawerengera kukula kwa paipi.

Choyamba, patulani tsamba limodzi la Excel kuti likhale la manambala oyambira okha, ndipo masamba ena onse azitenga manambala kumeneko m'malo moti munthu aziwalembanso pamanja. Pambali pa nambala iliyonse lembani kumene yachokera, kaya ndi chikalata cha kampani yopanga pampu kapena pulani ya thanki, pamodzi ndi tsiku lake. Nambala yongoyerekeza muipake mtundu wina kuti aliyense aone kuti sinatsimikizidwe.

Gwirizanani za miyezo ntchito isanayambe. Lita imodzi pa sekondi ndi yofanana ndi makiyubiki mita 3.6 pa ola, ndipo galoni ya ku America ndi malita 3.785 pamene ya ku Britain ndi malita 4.546, choncho kungolemba kuti "magaloni" n'kuitana mavuto. Kukula kwa paipi nako kumapusitsa anthu. Paipi yachitsulo ya DN 100 (dzina la paipi ya mamilimita pafupifupi 100) imakhala ndi mamilimita 102.3 m'kati ikakhala ya Schedule 40 (Schedule ndi nambala yosonyeza kuchindikala kwa chitsulo cha paipi), koma 97.2 ikakhala ya Schedule 80, ndipo masamu amafuna muyezo wa m'katiwu, osati dzina la paipiyo.

Pamene pafunika kufatsa kwambiri ndi pa kulemba mmene mwaganizira kuti madzi aziyenda. Paipi yodzaza bwino imawerengedwa ndi njira ya masamu yotchedwa Darcy-Weisbach, koma yopingasa imene madzi sakuidzaza imafuna njira ya Manning. Paipi yotsika choimirira ili ndi vuto lake, chifukwa madzi amakoka mpweya ndipo amatha kuyenda modukizadukiza, moti ambiri amasunga nambala ya Froude, yomwe imayerekeza liwiro la madzi ndi kukula kwa paipi, pansi pa 0.3 kuti mpweyawo uzitha kutuluka wokha. Anthu awiri akasankha njira zosiyana popanda kulemba, mayankho awo amasemphana ngakhale kuti palibe amene walakwitsa kuwerengera, ndipo nthawi imathera pa kufufuza cholakwa chomwe kulibe. Lembaninso kutalika kwa madzi amene mwalola kuti akwere pamwamba pa khomo la paipi, komanso mpata wotsala kufika ku denga la thanki. Ngati mukutsatira buku la malamulo a kapangidwe ka mathanki achitsulo, monga AWWA D100 kapena API 650, tchulani chaka chimene bukulo linasindikizidwa.

Fayilo yovomerezeka ikhale imodzi yokha, yosungidwa pamalo amodzi. Maina ngati "yomaliza" ndi "yomaliza yeniyeni" ndi osathandiza. Gwiritsani ntchito zilembo A, B ndi C posiyanitsa makope otsatizana a fayiloyo, ndipo pa tsamba loyamba muzilemba chimene chasintha, chifukwa chake ndi amene wasintha. Woona ngati masamu ali bwino asakhale yemweyo amene anawalemba, ndipo ndi bwino kuti awerengere payekha pa pepala asanatsegule fayiloyo. Akasainira, tsekani mabokosi a mafomula ndi kusunga kope la PDF, kenaka lembani nambala ya fayilo ya masamuwo pa pulani ya mapaipi kuti wofuna kusintha pampu m'tsogolo adziwe fayilo yoyenera kuitsegulanso.