Kupaka Wax pa Galimoto Yomwe Penti Wake Wasuluka

Penti wa galimoto amasuluka chifukwa cha dzuwa, ndipo mukapititsapo chala pa boneti kapena padenga, nthawi zina chimatuluka ndi ufa woyera ngati choko. Wax payekha sachotsa ufa umenewu, chifukwa ntchito yake ndi kuteteza penti amene wakonzedwa kale.

Yambani ndi kutsuka galimoto pamthunzi ndi sopo wa galimoto, osati wa ufa wochapira zovala, kenako muiumitse bwino. Pakani rubbing compound (mankhwala opala penti wosuluka wa pamwamba) ndi siponji yofewa pa kachigawo kakang'ono, mwina masentimita 50 mbali zonse, ndipo muzipukuta mosakanikiza kwambiri, makamaka m'mphepete mwa zitseko ndi boneti momwe penti amakhala wopyapyala. Kuwala kukabwerera, pakani wax wochepa kwambiri, mudikire mpaka aoneke ngati nkhungu, ndiyeno mupukute ndi nsalu yoyera ya microfibre.

Chonde musapake wax pamwamba pa dzimbiri, popeza limapitirizabe kudya chitsulo pansi pake. Penti wonyezimira wapamwamba akayamba kusendeka ngati khungu, palibe wax amene angamubwezere. Galimotoyo ipite kwa wopopera penti. Pa galimoto yokhalira padzuwa, bwerezani wax pakatha miyezi itatu iliyonse.